Chidindo cha Nyenyezi

Nyenyezi ndi ng'ombe yanga, yakuda ya mawanga oyera, ndipo chilembo N chimene mumachiona pamwamba pa tchizi changa ndi chake. Ambiri amaganiza kuti ndi dzina langa. Ayi, ine ndimangokama.

Kuno ku Thyolo ng'ombe zamkaka ndi zambiri, ndipo tonse timadziwa vuto la mkaka wamadzulo. Magetsi akazima, wosakhala ndi pozizilitsira amadzuka mkaka utasasa. Chambiko ndi chabwino, koma banja limodzi lingamwe chochuluka bwanji? Ndi zimenezo zinandiyambitsa tchizi. Malita 10 a mkaka amanditulutsira mtanda umodzi wolemera pafupifupi kilogalamu imodzi, ndipo mtandawo umakhala miyezi osawonongeka.

Kapangidwe kake sikovuta, kofunika n'kudekha. Ndimatenthetsa mkaka mpaka madigiri 63 kwa mphindi 30 kuti tizilombo tife, kenako ndimauziziritsa kufika pa 32. Apo ndimathira chotupitsira chake, tizilombo tabwino tosasitsa mkaka, kenako rennet, mankhwala ogwiranitsa mkaka, madontho ochepa chabe. Pakatha mphindi ngati 40 mkaka uja umagwirana ngati phala lozizira. Ndimaudula timagawo tonga njere za chimanga, kukhetsa madzi ena, kuthira madzi otentha pang'onopang'ono uku ndikutakasa ndi dzanja. Chala chimadziwa chokha kuti zapsa: kachidutswa ukakafinya kamalira pang'ono, osaphwanyika. Madzi otsalawo ndi a nkhumba za apongozi, zomwe zanenepa mochititsa nsanje.

Koma nkhani yanga lero ndi chidindo.

Poyamba ndinkangokulunga tchizi m'pepala n'kukagulitsa kwa anthu a ku Blantyre amene amandidziwa. Tsiku lina mayi wina anandiimbira foni akudandaula kuti tchizi changa chikuwawa. Nditafunsitsa, zinapezeka kuti anachita kupatsidwa ndi mnzawo, ndipo sichinachoke m'manja mwanga ngakhale pang'ono. Ndinalibe chowaonetsa. Usiku umenewo bambo a kunyumba anati, "Mayi a ana, ngakhale njerwa ena amaumba ndi chizindikiro. Inu mukulephera chiyani?"

Ndinapita kwa mmisiri wosema ziboliboli, bambo achikulire amene amagwira ntchito pansi pa mtengo wa mango m'mphepete mwa msewu. Ndinawafotokozera kuti ndikufuna kathabwa kozungulira, kamene kamakhala pamwamba pa tchizi pochifinya, kakhale ndi N pakati ndi masamba awiri a tiyi m'mbali. Anasema mokongola, ndinalipira osanenerera. Madzulo ndinaika tchizi m'chikombole, kathabwa pamwamba, chigubu cha madzi cha malita 20 n'kusanjikapo. M'mawa potsegula ndinangoti kukamwa yasa. N uja anali atatembenuka, mzere wapakati ukupita kolakwika, ngati walemba mwana wa sitandade 1. Kulakwa kunali kwanga, sindinawauze kuti chidindo chimasemedwa chagada, monga chimaonekera pagalasi. Nditabwerera anaseka mpaka misozi. "Mayi, mukanandiuza kuti n'chodindira! Ine ndimayesa n'chopachika pakhoma."

Chachiwiri chinabwera ndi phunziro lina. Anasema mozama kwambiri, m'mphepete mwa chilembo muli mwakuthwa. Tchizi chikamauma chimakwinyika pang'ono, ndiye khungu lake linang'ambika motsatira N, ndipo chuku chinalowa m'ming'alumo. Chachitatu ndiye chimene ndikugwiritsa ntchito mpaka lero: chosazama, m'mphepete mosalazidwa bwino, chilembo chachikulu chopanda timaluwa. Masamba a tiyi aja tinawachepetsa mitsempha, chifukwa timizere ting'onoting'ono timafufutika tchizi chikakhala m'madzi amchere usiku wonse. Ndinaphunziranso kuti kathabwako ndiziika pa kufinya komaliza, nditachotsa nsalu yokulungira tchizi, apo ayi chimene chimadindika ndi ulusi wa nsaluyo. Ndipo mtengo wake usakhale paini, utomoni wake umanunkhira m'tchizi.

Mwana wanga wamkazi ndi amene anandionetsa pafoni mmene amachitira ku Italy ndi tchizi chotchedwa Parmigiano Reggiano. Mtanda umodzi umadya malita oposa 500 a mkaka, ndipo dzina lake limadindidwa ndi timadontho kuzungulira khungu lonse chikadali chatsopano. Pakatha miyezi 12 kumabwera akatswiri ndi kanyundo, kugogoda mtanda uliwonse uku akumvetsera. Wolira bwino amauotcha ndi chidindo chamoto. Wolephereratu amaupala khungu, dzina lonse n'kuchoka, kuti usagulitsidwe ndi dzinalo. Kupalako n'kumene kunandikhala mumtima. Ine ndinkayesa chidindo n'chokopera ogula basi.

Changa si cha Malawi Bureau of Standards, chimenecho ndi njira ina imene ndidzayenda ndikadzafuna kulowa m'masitolo. Changa chimangonena kuti mkaka ndi wa Nyenyezi, manja ndi anga, ndipo wodandaula akudziwa khomo.

Mitanda ndimaisunga m'kachipinda kakumwera kosafika dzuwa, ndikuitembenuza m'mawa uliwonse kwa milungu isanu ndi umodzi kapena kuposa. Mu June ndi July, chiperoni chikagwa, tchizi chimakhwima bwino kwambiri. Mu October ndiye nkhondo. Chaka chatha, m'nyengo yotenthayo, mtanda wina unatupa pakati ngati mkate. Nditaugogoda ndi chala unalira ngati ng'oma. Panali kale munthu amene anali atalipiriratu, ndipo bambo a kunyumba anati kunja kukuoneka bwino, mwina wogulayo sadziwa. Ndinaudula. Mkati munali mabowo okhaokha ndi kafungo kosakhala bwino. Ndinatenga mpeni n'kupala N uja mpaka osaoneka, ndalama ndinabweza pafoni, ndipo nkhumba za apongozi zinadya ngati pa Khrisimasi.