Ndabinya kakolo, koma masewero sindisiya

Anzanga, musadabwe kuti sindikuoneka kothamanga m'mawa. Ndinaterereka pa masitepe n'kubinya kakolo. Adokotala ati fupa lili bwino, zakokeka ndi mitsempha yolumikiza mafupa, ndiye kuthamanga ndayamba ndaimika kaye.

Koma zongogona ayi. Minofu ikangokhala osagwira ntchito imafooka msanga. Ndimakhala pampando n'kumanyamula zitsulo ndi manja, kenako ndimagona chagada kulimbitsa pamimba. Madzulo ndimaika ayezi wokulunga m'kansalu kwa mphindi 15, mwendo uli pamwamba pa pilo. Kutupa kukachepa, ati ndiyambe kuzunguza phazi ngati ndikulemba zilembo m'mwamba, kenako kuima ndi mwendo umodzi nditagwira khoma. Mtima ukufuna msewu, sindinama, koma sindithamangira. Amene munadutsamo, munayambiranso bwanji?