Mbiri ya moyo wanga, gawo 11: Gwape wa mayi Briet ndi pakamwa pa atsibweni

Gawo lapita lija ndinalekezera pomwe kalata yondiitana ku Mzuzu University inandipeza pa kauntala ya laibulale, chidindo cha madeti chili m'manja. Ena mwafunsa ngati mayi a kunyumba anavomera kuti bambo wa ana abwererenso pa desiki. Anavomera, koma ananeneratu kuti digiriyo ikadzabwera idzakhala ya tonse, poti mbatata ya kachewere imene inkalipira thiransipoti yanga ankalima ndi iwo. Za ndalama ndidzafotokoza pazokha. Lero ndinene za m'kalasi ya digiri ya za laibulale imene ndinakaphunzira kumeneko.

Tinalimo magulu awiri. Panali ife akuluakulu amene tinalowa titagwirapo kale ntchito, ambiri tili ndi setifiketi ya Malawi Library Association. Ndiye panali achinyamata ongochoka kumene ku Fomu 4, zala zothamanga pa kompyuta. Iwo ankatitcha madala, ife tinkawatcha ana. Pa zoika mabuku m'magulu tinkawasiya kutali. Manambala a Melvil Dewey, amene anatuluka koyamba mu 1876, ine ndinali nawo pamtima: zachipatala 610, ulimi 630, mbiri ya Africa 960. Ndinkadziwanso kuti Chingerezi chinatenga 420 yonse, Chijeremani 430, Chifalansa 440, pamene zilankhulo zambirimbiri za mu Africa muno, ndi Chichewa chomwe, zinapanikizana mu 496. Koma kwa ine imeneyo inali ntchito basi. Lemba nambala pamsana pa buku, lemba khadi, kaike pa shelefu.

Chimene chinandigwedeza ndi phunziro la ma theory, kutanthauza maganizo a akatswiri ofotokoza kuti chidziwitso n'chiyani ndi mmene chimayendera. Lekichala wathu anayamba ndi Claude Shannon, katswiri wa masamu wa ku America amene ankagwira ntchito ku Bell Labs, malo ofufuzira za matelefoni. Mu 1948 munthuyu anaonetsa kuti uthenga ungathe kuyezedwa, ndipo muyezo wake ndi bit. Mukaponya ndalama m'mwamba, yankho lakuti yagwera mbali iti ndi bit imodzi. Uthenga umene munkaudziwa kale sulemera kanthu, wolemera ndi umene wakuchotsani chikayiko. Pa bolodi anajambula mabokosi: kochokera uthenga, chotumizira, njira, cholandirira, kofikira, ndipo chapansi kabokosi ka phokoso losokoneza. Kenaka ananena zimene zinandiziziritsa nkhongono, zoti Shannon mwini wake anati tanthauzo la uthengawo si nkhani ya injiniya. Waya alibe nazo ntchito kaya mukutumiza uthenga wa maliro kaya mtengo wa fodya ku okushoni. Chake n'chakuti zimene zalowa uku zituluke uko zili zomwezo.

Ana aja zinawakomera, poti munali masamu. Ine ndinangokhala n'kumadzifunsa kuti zimenezi zindithandiza chiyani mphunzitsi wa ku pulayimale akafika pa kauntala kudzafuna buku limene dzina lake waiwala, akungokumbukira kuti chikuto chake n'chobiriwira. Lero Shannon ndimamupatsa ulemu wake, chifukwa foni mukuwerengerapo nkhaniyi ikuyendera masamu ake. Iye ankalimbana ndi vuto la waya ndipo sanabise. Ndi anthu ena amene anadzatenga mabokosi ake n'kuyamba kufotokozera nawo mitima ya anthu.

Amene anandigwira mtima ndi mayi wa ku France, Suzanne Briet, yemwe anagwira ntchito zaka zambiri mu laibulale yaikulu ya dziko lawo ku Paris. Mu 1951 analemba kabuku kofunsa kuti dokyumenti n'chiyani. Nyenyezi ili kumwamba si dokyumenti, koma chithunzi chake ndi dokyumenti. Mwala uli mumtsinje ayi, koma umene uli mu myuziyamu inde. Ndiye anapereka chitsanzo chimene aliyense wophunzira za laibulale sachiiwala. Gwape akuthamanga m'tchire la mu Africa ndi nyama chabe. Koma akagwidwa, n'kupita naye ku Ulaya, n'kumutsekera kumalo osungirako nyama kuti akatswiri azimuphunzira, wasanduka umboni. Nkhani za m'nyuzipepala zonena za iye, zithunzi zake, kulira kwake kojambulidwa, zonsezo zimabadwa kuchokera kwa iye. Maganizo amenewa anagona zaka zambiri osadziwika kwa owerenga Chingerezi mpaka Michael Buckland wa ku yunivesite ya Berkeley ku America anawadzutsa m'zaka za m'ma 1990. Buckland ndiye anagawa chidziwitso patatu: kuuzidwa kumene, zimene munthu wasunga m'mutu, ndi chinthu chogwirika chomwe chazinyamula. Mfundo yake inali yakuti ife a laibulale timagwira chachitatucho chokha. Za m'mutu mwa munthu sitingaziike pa shelefu.

Tsiku limenelo tinatuluka mochedwa. Mnyamata wina wa ku Karonga anakweza dzanja n'kufunsa ngati gwapeyo anamufunsa maganizo ake asanamukweze sitima. Tinaseka, koma funsolo linali lobaya. N'chifukwa chiyani nyama ya kwathu iyambe kukhala umboni itafika ku Paris? Nanga mlenje amene amadziwa mapazi ake, kumene imamwa madzi, mwezi umene imaswa, ameneyo sanali kuiwerenga?

Ine ndinatchula za ku Mua. Kwathu ku Dedza, mukatsika mapiri kulowera cha ku Mtakataka, kuli Mua Mission imene ansembe a White Fathers anayambitsa mu 1902. Kumeneko wansembe wa ku Canada, Claude Boucher, anatsegula Kungoni Centre, malo a za chikhalidwe ndi zaluso, mu 1976, ndipo mu myuziyamu yake ya Chamare muli nkhope za zilombo za gule wamkulu mazanamazana. Mlendo amalowa m'mawa, pofika masana waona zonse. Tikatsata Briet, amenewo ndi madokyumenti, palibe wotsutsa. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti mayi wa zilombo zonse, Kasiyamaliro, nayenso maonekedwe ake ndi a nyama ya m'gulu lomwelo la agwape. Ndiye ndinafunsa kuti nanga amene amatuluka pa bwalo pa maliro kapena pa chinamwali, fumbi lili koboo, ng'oma zikulira, amayi akuthira mang'ombe, kenaka n'kubwerera kumene wachokera, ameneyo sananyamule chidziwitso? Kwa ine wa pabwaloyo ndi amene amaphunzitsa mudzi. Za pakhoma zija zimaphunzitsa alendo.

Lekichala anangoti, "Bambo, mutu wa kafukufuku wanu ndi umenewo. Musautaye."

Ndinene poyera kuti ine sindinagule njira. Ndinakulira m'banja la Chikhristu, mayi anga anali a Chigwirizano ku CCAP, ndipo gule tinkamuonera patali, okonzeka kuliyatsa liwiro. Koma atsibweni anga, alongo awo a mayi, anali mmodzi wa akuluakulu a kudambwe, ndipo m'mudzi monse zimenezo zinkadziwika.

Chaka chomaliza ndi cha kafukufuku, ndipo amene munadutsako mukulidziwa funso losowetsa tulo lija: theory yako ndi iti? Sungangoti ndikufuna kudziwa zakutizakuti. Uyenera kuonetsa kuti ukuponda m'mapazi a katswiri uti. Anzanga ambiri anatola chithunzi cha T.D. Wilson cha mu 1981, chofotokoza mmene munthu amafunira chidziwitso ndi zopinga zimene amakumana nazo, chifukwa chimalowa paliponse, kaya ndi alimi a khofi, anamwino kapena ophunzira. Ena anatenga Carol Kuhlthau, amene anaonetsa kuti wofufuza amayamba ndi nkhawa, ndipo akayamba kuwerenga nkhawayo imayamba yakula kaye isanatsike. Ameneyo tonse tinkamuvomereza popanda kufuna umboni, tikangoyang'anana nkhope usiku mu laibulale. Ine supavaiza wanga anandipatsa Elfreda Chatman.

Chatman anali mayi wachikuda wa ku America amene ankakhala nthawi yaitali pakati pa anthu omwe akatswiri ena sankawalabadira: osesa pa yunivesite, amayi okalamba okhala m'nyumba za opuma ntchito, amayi a m'ndende. Mu 1996 anafotokoza za umphawi wa chidziwitso. Anapeza kuti anthu a m'timagulu totere amabisa mavuto awo, nthawi zina amanamiza dala, safuna kudziika pangozi pofunsa, ndipo za anthu akunja amazimvera pokhapokha zikakhudza vuto la lero. Kwa iye chinsinsi chinali chishango cha munthu amene alibe yemwe angamukhulupirire. Powerenga ndinkaona anthu amene ndinawatumikira pa kauntala, monga mayi wofuna buku la za Edzi koma akungotembenuza la zophikaphika, kudikira kuti anthu achoke. Pamenepo Chatman sanaphonye.

Pa tchuthi ndinapita kumudzi ndi mafunso anga otayipa bwino, pamodzi ndi fomu yoti munthu asayine kuti wavomera kufunsidwa. Atsibweni ndinawapeza pamthunzi wa nkhokwe akusema mpini. Ndinakhala pansi, tinalonjerana, shuga ndi sopo ndinapereka kwa akazi awo, kenaka ndinayala ulendo wanga. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kasemasema ali m'manja.

"Mphwanga, ukalemba awerenge ndani?"

Ndinati bukulo likakhala mu laibulale, aliyense wofuna adzawerenga.

"Aliyense? Ndi mwana yemwe?"

"Aliyense, atsibweni. Ntchito yathu ndi imeneyo."

Anapukusa mutu uku akumwetulira. "Ndiye ntchito yanuyo ndi yomwaza. Izi munthu amauzidwa nthawi yake ikakwana, ndipo womuuzayo amamuyang'ana m'maso, amadziwa kuti ndi mwana wa yani. Iwe ukufuna kuuza munthu amene sudzamuona." Fomu ija anaitembenuza mbali zonse ziwiri n'kundibwezera. Anati ngati ndikufunadi kudziwa, njira ilipo ndipo ndikuidziwa, koma ndikadzadziwa sindidzafunanso kulemba.

Ndinabwerera ku Mzuzu fomu ili yosasayina, maganizo ali piringupiringu. Chinthu choyamba chimene aliyense wa ife amaloweza ndi malamulo asanu a S.R. Ranganathan wa ku India, a mu 1931: mabuku ndi oti agwiritsidwe ntchito, wowerenga aliyense apeze buku lake, buku lililonse lipeze wowerenga wake, wowerenga asatayitsidwe nthawi, ndipo laibulale ndi chinthu chamoyo chimene chimakula. Ndimawakhulupirira mpaka lero, ndipo ndakanganapo ndi ahedi amene amakhomera mabuku m'kabati poopa kuti ana awang'amba. Koma atsibweni sanali amphawi a chidziwitso. Sankatseka pakamwa chifukwa cha mantha kapena manyazi. Anali ndi dongosolo lawo la yemwe ayenera kuuzidwa, liti, ndiponso ndi yani, dongosolo lokhwima kuposa malamulo obwereketsa mabuku amene ine ndinkawamata pakhomo. Chatman sanalakwe, kungoti kudambwe sanafikeko. Ngakhale pamene UNESCO inalengeza mu 2005 kuti gule wamkulu ndi chuma cha anthu onse a padziko, funso lakuti onsewo auzidwe mpaka pati linatsala m'manja mwa eni ake.

Musandimve ngati ndikuti chinsinsi chilichonse n'chabwino. Zilipo zina zimene zimakwiriridwa m'midzi kuti wolakwa asagwidwe, monga nkhani za ana ogwiriridwa, ndipo pamenepo ndi Chatman amene amathandiza kumvetsa chifukwa chake mayi wa mwanayo sanena. Chovuta n'chakuti iwe wofufuza, uli ndi kope lako m'manja, ziwirizi umaziona mofanana: munthu wakhala chete.

Supavaiza wanga anali mayi wodekha, wokonda kulemba timalemba ting'onoting'ono tofiira m'mphepete mwa pepala. Anamva nkhani yonse osandidula. Nditamaliza anati, "Ndiye inu bambo mukudandaula kuti mulibe data? Data ndi imene mwandiuzayi." Anandiuza kuti ndisiye kufunsa zimene akuluakulu amadziwa, ndizifunsa mmene amasankhira munthu woti amuuze. Anandipatsanso nkhani imene Kingo Mchombu wa ku Tanzania analemba mu 1982, yonena kuti ntchito ya laibulale m'mayiko osauka iyenera kuyambira pa mmene anthu ake akukhalira, osati kungokopera za ku Ulaya. Mutu wanga unasintha, unakulanso. Munalowa azamba, asing'anga, anamkungwi, ndi mmene uthenga wa maliro umayendera kuchoka kwa mwini mbumba kupita kwa amfumu anthu asanayambe kulira.

Pa tsiku loteteza proposal, kutanthauza dongosolo la kafukufuku wanga, mmodzi wa akuluakulu a pa yunivesite anafunsa ngati zimenezi ndi za laibulale kapena za ophunzira chikhalidwe cha anthu. Ndinayankha kuti ngati ntchito yathu ndi yolumikiza munthu ndi chidziwitso, tiyenera kudziwa amene ankagwira ntchitoyi m'midzi ife tisanabwere ndi mashelefu. Anandilola, koma anati ndichepetse midzi, fomu ija ikhale ya m'Chichewa, ndipo amene safuna kusayina azivomera ndi pakamwa. Gawo lotsatira ndidzanena za anamkungwi amene anakana kuyankhula ndi mwamuna, mpaka ndinachita kukatenga mlongo wanga kuti akhale wofunsa mafunso, ine nditakhala kuseri kwa khitchini.