"Eee" wa pasikelo ndi lita ya Thanzi: sabata imodzi yophunzitsa zaumoyo ku Zomba

Lolemba ndi tsiku la sikelo. Isanakwane 8 koloko amayi amakhala atadzaza kale pakhonde, ana kumsana, mabuku a kuchipatala m'manja. Poti mvula yayamba, tinakamba za kutsekula m'mimba: paketi imodzi ya Thanzi ORS pa lita imodzi ya madzi otetezedwa, ndipo otsala akatha maola 24 atayidwe. Titafunsa kuti "Mwamva?" khonde lonse linati "Eee." Ameneyu ndi eee waulemu chabe. Ndani angauze azaumoyo pagulu kuti sanamve?

Ndiye tinaika patebulo kapu ya tiyi, botolo la Fanta, botolo la madzi ogula la 500ml ndi la Sobo, n'kupempha mayi mmodzi kuti, "Amayi, tiyerekeze kuti ndi usiku, mwana watsekula. Tapangani tione." Anakhuthulira paketi yonse m'kapu ya tiyi. Thanzi wotere amakhala wokhathamira mchere ndi shuga, moti m'malo mobwezera madzi m'thupi amakokera madzi m'matumbo, kutsekula n'kumapitirira, ndipo mchere wochulukawo ndi woopsa kwa khanda. Mayiyo sanalakwe, kungoti kunyumba palibe chiwiya chomwe amachitcha lita. Botolo lagalasi la Fanta ndi 300ml, choncho atatu sakwana, pafunika kuonjezera gawo limodzi mwa magawo atatu a botolo lachinayi. La 500ml ndi kawiri. La Sobo ndi la malita awiri, choncho madzi alekeze theka. Tikatero, mayi aliyense amasankha chomwe chilipo kwawo.

Zolakwika zina ndi zomwezomwezo chaka ndi chaka: kugawa paketi kuti ikhalitse, kuthiramo shuga poti mwana akukana, kusiyiratu kumwetsa mwana akangosanza. Akasanza, dikirani mphindi 10, kenako muyambirenso ndi supuni, pang'onopang'ono, ndipo bere lisasiyidwe. Zinki, piritsi lomwe limaperekedwa limodzi ndi Thanzi, ndiye amasiyidwa tsiku lomwe chimbudzi chalimba, pomwe ayenera kumwedwa masiku 10 athunthu: theka la piritsi kwa mwana wosakwana miyezi 6, piritsi lathunthu kwa woposera apo.

Lachiwiri ophunzira anali anzathu a pantchito, anamwino ndi opereka mankhwala pawindo. Kunena zoona, gulu ili ndi lovuta kuposa amayi, chifukwa aliyense amadziwa kale. Tinatenga chitsanzo cha LA, mankhwala a malungo. M'buku la wodwala mumalembedwa "bd 3/7" (kawiri patsiku kwa masiku atatu), zomwe kwa agogo ochokera ku Jali kapena ku Mayaka ndi zikhwatchakhwatcha basi. Pawindo mawu amangoti "anayi m'mawa, anayi madzulo," mzere n'kusuntha. Chomwe chimatayika ndi ulendo wachiwiri, womwe uyenera kubwera patatha maola 8 kuchokera pa woyamba, kenako m'mawa ndi madzulo masiku awiri otsatira, maulendo 6 onse pamodzi. Osamuuza munthu kuti "maola 8", muwerengereni. Wamwa 10 koloko pano, amwenso 6 koloko madzulo. Jambulani dzuwa ndi mwezi pakapepala ka mankhwala. Nenaninso kuti LA amagwira bwino ndi chakudya chokhala ndi mafuta, monga phala lotsira nsinjiro kapena mkaka, ndi kuti mwana akasanza mphindi 30 zisanathe, mlingowo ubwerezedwe. Ambiri tsiku lachiwiri thupi likazizira amasunga mapiritsi otsala kuti adzamwetse mwana wina. Funso lotsekera likhale lakuti, "Agogo, mukafika kunyumba akakufunsani kuti kuchipatala akuti chiyani, mukanena kuti bwanji?" Limatenga mphindi imodzi. Anzathu anadandaula za kutalika kwa mzere, ndipo sakunama, koma wodwala amene wamwa theka la mankhwala adzabweranso pamzere womwewo.

Lachitatu tinatsikira ku Kachulu, m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulukamo, ndipo asodzi ena amakhala m'zimbowera, tinyumba toyandama, pakati pa madzi kwa masabata, kumwa pomwepo, kudzithandiza pomwepo. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, womwe unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, anthu a kuno sanauiwale, choncho sitiyamba ndi kuopseza. Chimbudzi chonga madzi otsukira mpunga safuna kuchifotokozera kawiri kudera lolima mpunga ngati lino. Chofunika kutsindika n'chakuti wodwala ayambe kumwa Thanzi ali m'bwato, osadikira kufika kumtunda.

Nthawi yambiri inapita pa mankhwala othira m'madzi. WaterGuard ndi kachivindikiro kamodzi pa ndowa ya malita 20, kutakasa, n'kudikira mphindi 30. Madzi akakhala amatope, ayambe adikha n'kusefedwa pansalu yoyera, chifukwa dothi limatha mphamvu ya klorini asanaphe tizilombo. Ena amathira mongoyerekeza, madzi n'kununkha, banja lonse n'kuwakana mpaka kalekale. Ena amateteza bwinobwino, kenako mwana n'kuviikamo kapu yomwe wamwera, ndi zala zomwe. Apa mpamene timaonetsa za makapu awiri: ina yotungira yokhala ndi chogwirira, ina yomwera, ndowa yovindikira. Msodzi wina anafunsa kuti, "Nanga ife a pamadzi ndowa tiiyika pati?" Chigubu chokhala ndi chitsekerero ndicho chabwino, poti sichitayikira m'bwato komanso dzanja sililowa.

Lachinayi msonkhano wa kwa amfumu unalephereka kaamba ka maliro. Zikatero sitikakamira; timakapepesa, n'kupangana tsiku lina.

Lachisanu tinakhala ndi agogo aakazi, omwe kawirikawiri ndiwo amalamula kuti mwana apite kuchipatala kapena ayi. Nkhani inali ya liwombo. Likalowa, ambiri amathamangira mankhwala opaka pamutu, ndipo kutsekula amati ndi mano akumera. Kuwauza kuti zimenezo n'zachikale n'kudzitsekera khomo. Timavomereza kaye kuti aona bwino, liwombo lolowa ndi chizindikiro chenicheni, kenako n'kufotokoza kuti lalowa chifukwa madzi atha m'thupi, monganso maso olowa, ndi khungu la pamimba lomwe ukalitsina limabwerera mochedwa. Zizindikiro zinayi zoopsa zosadikira kuti kuche tinazibwereza mpaka azinene okha: mwana kulephera kuyamwa kapena kumwa, kusanza chilichonse, linjirinjiri, ndi kufooka kosadzuka ngakhale mumugwedeze. Agogo awiri anasakaniza Thanzi pamaso pa anzawo. Woyamba anayeza ndi botolo la Sobo. Wachiwiri anati kwawo kuli jagi yokha, choncho tinaithira lita imodzi n'kukanda mzere ndi mpeni pomwe madzi analekeza.