Mamita awiri aja amalankhula

Lachitatu lapitali ndinagona tulo tabwino koyamba m'masabata asanu. Sewero lathu silinapse, ayi ndithu, koma chinthu chimene chinkandizunguza mutu chamasuka, ndipo ndikufuna ndichilembe chisanandithawe.

Inu a zisudzo za pasukulu malamulo a nthawi ya mliri wa COVID-19 mukuwadziwa kale. Masiki osavula, osagwirana, pakati pa munthu ndi mnzake pazikhala mamita awiri, zitseko ndi mazenera a holo zizikhala zotsegula ngakhale kuzizire bwanji. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena za mita imodzi kapena kuposerapo, koma ife anatiwonjezera poti pa siteji munthu sanong'ona, ndipo wokweza mawu amamwaza timadontho tambiri ta malovu. Nyimbo ziwiri zimene tinali nazo anazichotsa tsiku loyamba lomwelo. Ndinanyinyirika, koma nditawerenga za kwaya ina ya ku Skagit County, m'chigawo cha Washington ku America, pakamwa panga panauma. Pa 10 Malichi 2020 anthu 61 anakumana kuyeserera nyimbo kwa maola awiri ndi theka. Anadwala anali 53, awiri anamwalira. Nkhani ya nyimbo ndinaisiyira pomwepo.

Chimene chinandikanika ndi gawo lomaliza. Mwana wabwerera kwa mayi ake patapita zaka asakulankhulana, ndipo monga tinalembera, awiriwa amakumbatirana. Sewero lonse limathamangira pamenepo. Ndiye tandiuzeni, munthu ali mamita awiri uko umamukumbatira bwanji? Zopusa zonse tinayesa. Tinati atambasule manja ngati akukumbatira mpweya, anzathu anaseka mpaka misozi. Tinati tizimitse magetsi kuti oonerera amalize okha m'maganizo, zinangooneka ngati wina wapunthwa pa waya. Kenako tinawonjezera mawu, mtsikana amene akusewera ngati mayi uja n'kumati "mwana wanga" kanayi konse, koma nsalu imayamba kumeza timawu topyapyala monga s, f ndi t, milomonso sioneka, ndiye zinkamveka ngati munthu akulira ali m'chidebe.

Cholakwa chachikulu chinali changa, ndipo ndinachijambula ndekha ndi choko. Ndinatenga tepi yoyezera n'kulemba mabokosi pa siteji yonse, aliyense bokosi lake, bokosi ndi bokosi mamita awiri ndendende. Ndinadzimva wanzeru tsiku limenelo. Zotsatira zake, anthu asanu ndi awiri ataima mondandalikana, aliyense maso pansi kuopa kuponda mzere, kudikira kuti nthawi yake yolankhula ikwane. Okondana mamita awiri, odana mamita awiri, wongodutsa naye mamita awiri.

Ndiye Lachitatu lija. Mnyamata amene akusewera ngati mwana anatuluka kukamwa madzi, ndipo pobwera sanazungulire kuseri kwa katani monga mwa masiku onse. Analowera khomo lakumbuyo kwa holo, kutali ndithu, gawo lake litayamba kale. Mayi uja anamuona n'kunena mawu ake ali chiimire. Mnyamatayo anayamba kuyenda pakati pa mipando, osathamanga, poti sankadziwa ngati ndimubweza kapena ayi. Anakwera masitepe, anadutsa mabokosi anga atatu osawayang'ana n'komwe, n'kudzaima pamene lamulo limamulola kufika. Pamenepo phazi la mtsikana uja linabwerera m'mbuyo pang'ono chabe, mwina theka la sitepe. Iye akuti sanadziwe kuti wasuntha. M'holo munangoti zii. Mtsikana wosamala zovala, amene nthawi zonse amakhala pa foni, anadzutsa mutu n'kuti, "Iii, koma sanamukhululukiretu."

Palibe amene analemba zimenezo m'sewero. Iye anaziwerenga pa phazi.

Apa m'pamene ndinazindikira kuti oonerera sadikira kuti anthu agwirane. Iwo amatsatira mpata umene uli pakati pa anthu awiri, ukamachepa ndi ukamakula. Kukumbatirana ndi pothera pake chabe, koma chimene chimagwira mtima ndi ulendo wopita kumeneko. Ine ndinali nditaika aliyense pa mamita awiri kuyambira pachiyambi, ndiye kuyandikana konse kumene lamulo linatisiyira ndinakumwaza m'mphindi yoyamba. Pofika kumapeto panalibenso koti munthu asendere. Koma mayi ndi mwana akakhala motalikirana mamita asanu kapena asanu ndi limodzi sewero lonse, wina akayandikira winayo n'kumathawa, ndiye kuti tsiku limene aima pa mamita awiri osathawana, kukumbatirana kuja kwachitika. Ndikudziwa kuti ndikubwereza chinthu chimodzi, koma ndinakhala masabata asanu ndikuyang'ana mpatawo ngati mpanda, chonsecho ndi m'mene munali mawu onse amene masiki inatilanda.

Usiku womwewo ndinafufuza pa intaneti n'kupeza kuti zimenezi zili ndi dzina, proxemics, ndipo anazitchukitsa ndi Edward T. Hall, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu wa ku America, m'zaka za m'ma 1960. Iye anagawa mpata wa pakati pa anthu m'magawo anayi. Mpaka masentimita 45 ndi wa anthu apamtima, kufika mamita 1.2 ndi wa abwenzi, kuchoka apo mpaka mamita 3.6 ndi wa anthu ongodziwana kapena okambirana za ntchito, kupitirira pamenepo ndi wa munthu wolankhula ku gulu. Manambalawa anawatenga poyang'ana anthu a kwawo, ndipo iye mwini anavomereza kuti amasintha malinga ndi mtundu wa anthu. Komabe taonani pamene mamita awiri akugwera. Ndi mpata wa kalaliki ndi munthu wodzafunsa fomu. N'chifukwa chake mayi ndi mwana wanga ankaoneka ngati akumana mu ofesi. Pa siteji pokha m'pamene ungathe kuutambasula muyesowu, bola uyambire patali.

Tsiku lotsatira ndinafufuta choko chonse ndi nsanza yonyowa, n'kubweretsa nsungwi zinayi zodula mamita awiri iliyonse. Njira iyi si yanga, a zisudzo akhala akuichita kalekale, koma ndikulumbira kuti palibe ina yoiposa. Anthu awiri amaimika nsungwi pakati pawo, aliyense kuikankha ndi chikhatho chotambasula, osaifumbata. Wina akasendera kutsogolo, mnzake ayenera kubwerera. Wina akabwerera, mnzake ayenera kutsatira, apo ayi nsungwi igwa. Ndipo ikagwa pa simenti imalira moti holo yonse imadziwa amene anali kugona. Tili ndi mnyamata wina amene chibwerereni m'gululi sanamvetserepo mnzake, amangowerenga mumtima kuti mzere wake ufika liti. Nsungwi inamugwera kasanu ndi kamodzi m'mphindi zitatu. Kachisanu ndi chiwiri anasiya kuganiza za mawu ake n'kuyamba kuyang'ana mapewa a mnzake, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamuona akusewera ndi munthu. Tikatero timaika nsungwi pansi, kupukuta nsonga zake ndi sanitaiza, n'kubwereza gawo lomwelo manja ali lende. Chodabwitsa n'chakuti nsungwi ija imakhalabe pakati pawo ngakhale palibe. Tepi sikufunikanso, thupi laloweza lokha. Akanati andifunse, ndikanati gulu lililonse la zisudzo lisiye kaye kuloweza mawu kwa mwezi wathunthu lizingochita za nsungwi. Anzanga akuti ndapenga nazo. Mwina.

Za nkhope sinditaya nazo nthawi. Agiriki a ku Athens m'zaka za m'ma 400 BC ankasewera atavala zigoba zophimba nkhope yonse, ndipo bwalo lawo la zisudzo la ku Epidaurus limakwana anthu pafupifupi 14,000, moti wokhala pamwamba sakanaona milomo ya munthu ngakhale ikanakhala poyera. Jacques Lecoq, amene anatsegula sukulu yake ya zisudzo ku Paris mu 1956, ankaveka ophunzira chigoba chosaonetsa kukondwa kapena chisoni kuti khosi, chifuwa ndi msana ziphunzire kulankhula. Ife maso atisiyira. Tinali kulira ndi zochepa.

Chimene chikundiwawa n'chakuti aphunzitsi athu a zisudzo zonsezi ankazidziwa. Nditawathamangira Lachinayi m'mawa kukawauza, anangomwetulira ndi maso pamwamba pa masiki n'kuti, "Eya, ndimadikira kuti uzione wekha." Ndinati, "Koma Madamu, masabata asanutu amenewa." Iwo akuti chimene wauzidwa umaiwala. Kaya. Zimenezo zikanakoma chaka china, osati chino pamene timayeserera kawiri pa sabata, mphindi 40 zokha, ndipo khumi mwa izo zimathera kusamba m'manja, kupukuta mipando ndi kulemba mayina a amene abwera. Aphunzitsi ena nawo amationa ngati akuba nthawi, poti sukulu zinatsekedwa miyezi yambiri ndipo aliyense akuthamangitsa silabasi yake. Dzana wina anabwera kudzatenga anthu anga awiri pakati pa gawo kuti akalembe mayeso obwereza, osapepesa n'komwe. Pamwamba pa izo, amene akusewera ngati bambo ali pa m'bindikiro wa masiku 14 chifukwa wina kunyumba kwawo anapezeka ndi kachilomboka. Mawu ake amatiwerengera pa foni, ndipo munthu wa pa foni sungamugwiritse nsungwi. Adzabwera kutatsala masiku atatu, akudziwa mabokosi a choko amene kulibenso.

Akuluakulu a sukulu mpaka lero sanatiuze ngati kudzakhale oonerera kapena tidzangojambula vidiyo. Izi zikundidetsa nkhawa kuposa mmene ndikuonetsera kwa anzanga. Ndinayesa kujambula gawo lomaliza lija ndi foni nditaima kutsogolo, ndipo kamera inaphwatalitsa zonse. Ulendo wautali wochokera kukhomo lakumbuyo sunaoneke, mnyamata anangotulukira m'mbali ngati wachedwa. Mwina tiike foni chakumbali, mwina tisinthe kuti aziyenda mopingasa. Sindinayesebe.

Palinso china chimene mtsikana wosewera mayi uja anandifunsa tikutuluka, ndipo yankho ndinalibe. Anati anthu akhala chaka chonse akuima motalikirana paliponse, ndiye akadzaona mayi ndi mwana ataima pa mamita awiri, adzaona chikhululuko chosamalizika kapena adzangoona ana a sukulu omvera malamulo? Wa zovala uja anawerenga phazi, inde, koma iye sewero amalidziwa kuyambira pachiyambi. Kholo limene langolowa n'kukhala pa mpando wakumbuyo, lovala masiki yake, kaya lidzaona chiyani. Ndaganiza zoti mayi uja adzatambasule dzanja limodzi pang'ono n'kulibweza, koma ndikuopa kuti tibwerera ku zokumbatira mpweya zija. Loweruka tiyesa njira zonse ziwiri pamaso pa ana a kalasi ina amene sanalionepo, ngati atilole kuwalowetsa m'holo.