Njiwa zobiriwira za mu mkuyu wa ku Leopards Hill

Tayala linaphulika pa msewu wa Leopards Hill, tikupita ku Lusaka National Park, ndipo tonse tinakabisala dzuwa pansi pa mkuyu. Nkhuyu zinkagwa imodziimodzi, zina zojompholedwa mbali imodzi, koma m'mwamba simunkaoneka kanthu. Mkulu wina wogulitsa makala m'mbali mwa msewu anatiuza kuti, "Ana anga, musafune mbalame, yang'anani tsamba lomwe likuyenda." Patapita kanthawi tsamba linayendadi. Inali njiwa yobiriwira, italendewera chadodolido ngati chinkhwe, ikuthyola nkhuyu kunsonga kwa nthambi. Jeke itagwa pa tala, mtengo womwe tinkauyesa wopanda kanthu unatulutsa gulu lonse, phaa!

Wozolowera nkhunda za ku Soweto Market ndi za pa Cairo Road mu mzinda wa Lusaka angayese kuti ndi mbalame yomweyo yapakidwa utoto. Ayi ndithu. Nkhunda ya m'tauni, yomwe dzina lake la sayansi ndi Columba livia, makolo ake ankakhala m'matanthwe, n'chifukwa chake imaikira pa zipupa ndi pansi pa malata. Imadyera pansi: chimanga, mapira, misere, nyenyeswa za buledi. Pamwamba pa mlomo ili ndi kachikopa koyera ngati ufa, maso ake ndi ofiirira, ndipo imaikira mazira 2 n'kufungatira masiku pafupifupi 18.

Yobiriwira ya m'nkhalangoyi, Treron calvus, pansi siitsikatsika. Zala zake zimagwira nthambi molimba, ntchafu zili ndi nthenga zachikasu, paphewa pali kachigamba kofiirira, tsinde la mlomo ndi lofiira psuu pomwe nsonga yake ndi yotuwa, maso ndi oyererako. Siilira "kukuu" ngati nkhunda. Imaimba mluzu wokwera ndi kutsika, kenako n'kumaliza ndi kaphokoso kokhala ngati kudzuma. Chisa chake ndi timitengo towerengeka pa mphanda, mazira amaonekera pansi. Imaikira limodzi kapena awiri, ndipo pakatha masiku 13 kapena 14 amakhala aswa. Pomwe zimafanana ndi pa kulera: zonse ziwiri zimadyetsa maunda mkaka wochokera m'chithokomiro, tambala ndi thadzi yemwe.

Mukafuna kuiona, lawirani. Dzuwa likangotuluka zimakhala pa nthambi zouma za pamwamba kuwothera, ndipo ndi nthawi yomwe zimaoneka bwino poyera. Funani mkuyu kapena kachere wokhala ndi zipatso zakupsa, muone ngati pansi pali nkhuyu zojompholedwa ndi zitosi zatsopano. Mikuyu siipsa nthawi imodzi, choncho mtengo womwe unadzaza mwezi watha lero mutha kuupeza uli zii. Valani zosawala, ndipo musaime pansi penipeni pa nthambi ngati malaya anu mumawakonda.

Chomwe chimandiwawa ndi anyamata otchera ulimbo n'kumagulitsa mbalamezi kwa anthu oweta nkhunda. Wogula amakaitsekera m'khola n'kuithirira gaga, pomwe chakudya chake ndi zipatso. Imangokhala ndwii pakona, kuwonda mpaka kufa. Nawo mapuloti akumera mbali zonse za msewu umenewu, ndipo wogula malo amayamba ndi kugwetsa mkuyu poopa kuti mizu ing'amba maziko a nyumba. Nkhunda ya m'tauni idzapeza denga latsopano pomwepo. Yobiriwirayi ikabwera m'mawa idzapeza chitsa ndi mulu wa njerwa.