Mango a apongozi

Apongozi anga aakazi anafika kuchokera ku Ntcheu tsiku Loweruka, mu February, mvula ili pachimake. Atapumula analowa kubafa. Ine ndinalowa m'chimbudzi cha mbali inayo, nditamaliza n'kugejemula. Chimbudzi chinangoti gudugudu, kenako mawu kubafa kuja: "Mayo ine! Kodi madzi a m'tauni amatulukira pansi?"

Kwathu mkamwini sayang'anizana ndi apongozi. Koma tsikulo zimene ndinatumiza ine zinakawalonjera kumapazi.

Mayi akunyumba anangondiyang'ana n'kuti, "Bambo, chitanipo kanthu." Aneba anali atafika kale pampanda ndi nzeru zaulere. Wina akuti sepitiki, thanki yapansi yolandira zonyansa, yadzaza, itanani galimoto yopopa. Wina akuti thirani soda wa kositiki. Mtengo wa galimotoyo nditaumva pafoni, ndinayimbira pulambala.

Anafika panjinga, ndodo zake zolumikiza atazimanga pakaliya. Sanalowe n'komwe m'nyumba.

"Bwana, ndi sinki imodzi yokha kapena paliponse?"

Ndinati paliponse.

"Sinki imodzi ikamavuta, vuto lili pakhosi pake pomwepo, mafuta ndi makombo a nsima. Koma mukagejemula n'kutulukira kubafa, ndiye kuti paipi yaikulu yatseka. Madzi akasowa kopita amafuna potsika, ndipo potsika m'nyumba ndi pabafa."

Za kositiki anapukusa mutu. Anati amapha tizilombo tomwe timawoletsa zonyansa m'thankimo, ndiye mawa lake mulira kawiri. Anavundukula manhole (dzenje lovundikira loonerapo paipi) ya pafupi ndi nyumba, ili tho. Anapita pa yachiwiri, ya pafupi ndi thanki, ili gwa, youma. Anasuzumira m'thanki ataima patali, poti mpweya wa mmenemo umagwetsa munthu, n'kupeza madzi ali pamlingo wake, pansi pa paipi yolowera.

"Thanki ilibe mlandu. Ikanadzaza, kapena sokawe (dzenje lomwera madzi ochoka m'thanki) ikanakhuta madzi a mvulayi, zonse ziwirizi zikanasefukira. Chatseka chili pakati apa."

Pakati pamenepo pali mtengo wa mango.

Anandipempha kuti ndikagwade pa manhole youma ija, ndiziyang'ana, madzi akayamba kudontha ndimuuze. Ine ndinali nditavala kale buluku loyera lolandirira alendo. Iye uko akulumikiza ndodo, akukankha, akupotokola. Palibe. Ndinaweramitsa mutu kuti ndione bwino m'kamwa mwa paipimo.

"Zikubwera, bwana?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti ayi.

Sizinadonthe. Paipi ya mamilimita 110 ikamasuka sichenjeza munthu. Za sabata yonse, za ine, za ana, za alendo a Lachitatu, zinafika pamodzi, phwaa! Aneba pampanda paja anabalalika, wina akuseka mpaka kutsokomola. Pulambala anathamangira kwa ine, koma osati kudzandipepesa. Anabwera kudzaona ngati madzi akuyenda bwino.

"Eya! Mwaona liwiro lakelo?"

Ndinali nditaliona.

Kunsonga kwa ndodo kunatuluka mizu yopiringizana ngati chisa cha mbalame, itakola matewera otaya a mwana ndi sokosi yanga imene ndinakalipira nayo ana mu December. Anati mizu inalowera polumikizira paipi, ndipo ikalawa madzi amenewo sibwerera. Mtengowo udulidwe, apo ayi chaka chamawa tidzaonananso.

Apongozi anali atakhala pakhonde nthawi yonseyi, atafunda chitenje, akuyang'ana kumbali mwaulemu. Mtengowo anabwera nawo okha uli mbande, chaka chimene tinalowa m'nyumbayi, ndipo anasankha okha pobzala. Atamva za kudula anatsokomola pang'ono, n'kulankhula ndi mwana wawo, osati ine.

"Uwauze bambowo akasambe. Bafa likugwira ntchito tsopano. Akatuluka akambirane ndi amisiriwa zosuntha paipiyo, mango aja ndi a boloma."