Makala a mankhusu a mpunga amene amagwira mtovu m'madzi

Bizinesi yathu ili ku Blantyre, ndipo timapanga makala ochotsa mtovu m'madzi kuchokera ku mankhusu a mpunga omwe eni zigayo amasowa kowataya. Mankhusuwo timawagula ku zigayo za kufupi ndi nyanja ya Chilwa, komwe amaunjikana milumilu. Pa matumba asanu a mpunga wosapuntha, kulemera kwa thumba limodzi kumakhala mankhusu okhaokha.

Chidatiyambitsa ndi mtsinje wa Mudi, womwe umadutsa m'dera la mafakitale, pomwe kumunsi anthu amathirira madimba ndi madzi omwewo. Fungo ndi mtundu wa madzi aliyense amaziona, koma mtovu wa m'mabatire ndi chromium, mankhwala amene ofufuta zikopa amagwiritsa ntchito, sizioneka. Ngakhale muwiritse madziwo, mtovu suchoka, ndipo umaononga ubongo wa ana. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati mtovu usapitirire mamiligalamu 0.01 pa lita imodzi ya madzi akumwa. Titamva kuti akatswiri a ku Chancellor College ku Zomba adachotsa mtovu m'madzi ndi ufa wa njere za chammwamba, tidayamba kuyesa zotsalira za kumunda.

Mankhusuwo timawaotcha mumgolo wotseka, wa timabowo tochepa, kuti asanduke makala osati phulusa. Apa ndi pofunika diso. Utsi woyera ukayamba kuchepa timamata mabowo ndi dothi, chifukwa ukachedwa pang'ono zonse zimayera mbuu. Tikatsuka ndi kusefa, makalawo timawathira m'migolo itatu yolumikizana ndi mapaipi, madzi n'kumadutsa pang'onopang'ono, mtovu n'kumakakamira m'timibowo ta makalawo. Madzi ochokera kwa okonza mabatire amakhala ndi asidi wambiri, ndipo makala sagwira bwino, choncho timayamba tawathira laimu.

Makasitomala athu ndi magalaji ndi timafakitale tating'ono tomwe sitingakwanitse makina odula. Madzi timawatumiza ku labotale asanalowe mumgolo komanso atatuluka, ndipo makasitomala timawauza poyera kuti si akumwa ayi.

Chimatidyera ndalama kwambiri ndi makala otha ntchito. Mtovu uja sunathe, wangosamukira m'makalamo. Ambiri amatipempha kuti akathire kudimba ngati manyowa kapena aphikire, koma timakana kwamtuwagalu. Timawatenga tokha, kuwaumitsa ndi kuwasakaniza ndi simenti kuti mtovuwo usasungunuke ndi mvula, ndipo mtengo wa ntchito imeneyi timaulemba pa risiti kuyambira tsiku loyamba.